Ofesi ya Pakhosi

Kompyuta yangayanga sindinakhalepo nayo. Komabe kwa zaka zingapo, kuyambira kwathu ku Bangwe mpaka kuchikamwini kwanga ku Chilomoni, munthu akafuna kalata yofunsira ntchito, khadi la ukwati kapena ndondomeko ya mwambo womanga chiliza, ankamulozera kwa ine. Ulemu wonsewo unkachokera pa kafulashi ka 4 GB kamene ndinkakoloweka m'khosi ndi kachingwe kabuluu. Ndinkakavala kuntchito, kutchalitchi, ngakhale kumaliro, ndipo ndinkaonetsetsa kuti kali kunja kwa malaya.

Anandilowetsa m'zimenezi ndi msuweni wanga wina amene ankaphunzira zamakompyuta. Iye ndiye anandionetsa kuti m'fulashi simukhala mafayilo okha, mumathanso kukhala mapulogalamu enieni. Pulogalamu wamba imafuna kuikidwa m'kompyuta. Imamwaza tizidutswa take m'mafoda a Windows, imadzilembetsa m'kaundula wa kompyutayo, ndipo kawirikawiri imafuna pasiwedi ya mwiniwake. Koma pali mapulogalamu ena amene anawakonza kuti zonse zimene amafuna azisunga m'foda imodzi. Fodayo ikakhala m'fulashi, umangosomeka pa kompyuta iliyonse ya Windows, kudina, pulogalamu n'kutseguka osapempha chilolezo kwa munthu. Msuweniyo anandikoperamo za pa PortableApps.com: Firefox yoyendera pa intaneti, LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengera ndalama, VLC yoonera mavidiyo, 7-Zip yopanikizira mafayilo, ndi ka antivayirasi kena kamene ndinkakadalira kwambiri ngakhale sindinakatsegulepo.

Kuntchito kwathu, kumene ndine kalaliki wa kusitolo, makompyuta anali okhoma, pasiwedi ankasunga bwana okha. Ine zimenezo sizinkandikhudza. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana ndinkangosomeka kafulashi n'kuyamba maganyu anga. Madzulo ndikalowa mu intaneti kafe ku Limbe, Firefox yanga inkatseguka ndi masamba anga onse monga ndinawasiyira masana. Kompyuta ina inkakatcha kafulashiko E, ina F, ina G, koma mapulogalamu sankasochera. Makompyuta onse a mumzinda wa Blantyre ndinkawaona ngati anga, eni ake akungondisungira.

Ndinaloweza ndi mbiri yomwe, kuti ndizikhala ndi chonena pagulu. Munthu akangofunsa za kachingwe, ndinkamuuza kuti njira yosungira zinthu imene ili m'katimo anatulukira Fujio Masuoka wa ku Toshiba, ku Japan, m'zaka za m'ma 1980. Ndinkapitiriza kuti mafulashi oyamba anafika pamsika m'chaka cha 2000, ThumbDrive ya kampani ya Trek ya ku Singapore ndi DiskOnKey ya M-Systems ya ku Israel imene ankagulitsa a IBM, ndipo kuti 8 MB imene inkalowamo anthu anachita nayo kaso chifukwa diski ya fulope inkanyamula 1.44 MB yokha. Ndinkatsekera ndi John T. Haller wa ku America, amene mu 2004 anakonza Firefox yoyendera m'fulashi n'kudzayambitsa PortableApps. Wofunsayo nthawi zambiri ankangofuna kudziwa ngati ndingamulembere kalata, koma ankayenera kumva zonsezi kaye.

Choncho alamu anga, mng'ono wawo wotsiriza wa mayi akunyumba, atapeza mbeta n'kuchita chinkhoswe, panalibe wopikisana nane pa udindo wa mlembi wa komiti ya ukwati. Pamsonkhano woyamba ndinaimirira, n'kukweza kachingwe m'mwamba, n'kulengeza kuti ukwati umenewu uyenda mwamakono. Malonjezo, zopereka, bajeti, mayina a oitanidwa, khadi, ndondomeko ya kutchalitchi ndi ya kuholo, zonse zikhala pamalo amodzi, ndipo malowo ndi pakhosi panga.

Mayi msungichuma, azakhali awo a alamu angawo, anabwera ndi kope lalikulu lachikuto cholimba limene linayendetsapo maukwati ambiri a m'banjamo. Ndinawauza mwaulemu kuti mabuku akakhala awiri ndiye kumayambira mikangano, lina likuti chakuti, lina chakuti. Iwo azisunga ndalama, kulemba asiyire ine. Anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kutseka kope lija, n'kuliika m'chikwama. Msuweni wanga atamva anandilangiza kuti ndizidzitumizira fayilo ya malonjezo pa imelo mlungu uliwonse, kapena ndiziikopera pa fulashi ina. Ndinamuyankha ndi mwambi, ndili nganganga, kuti mapanga awiri avumbwitsa. Chifukwa chenicheni chinali chakuti ndinkaumira ndalama ya kukafe, koma mwambi unamveka bwino kuposa umbombo.

Fayilo ya malonjezo ndinaikonza mu LibreOffice, ndipo inali yooneka bwino, zimenezo palibe angatsutse. Kolamu A dzina, B zimene munthu walonjeza, C zimene wapereka, D zotsala, F nambala ya foni. Kolamu E inali yanga ndekha. M'menemo ndinkalembamo ndemanga zondithandiza kudziwa woyenera kumuimbira foni ndi wongotayira mayunitsi. Pa dzina lina ndinalemba kuti "pakamwa pokha". Pa lina, "analonjeza atalawa". Pa la mayi ena, "ali ndi ngongole ku banki m'khonde, musavutike". Pa la bambo ena, "adzadya zoposa zimene apereke". Amalume awo a mayi akunyumba, mwinimbumba weniweni, analonjeza mbuzi. Pa dzina lawo ndinalemba kuti: "Mbuzi yomweyi analonjezanso paukwati wanga. Ngati ikadali moyo, yakalamba." Ndikamaliza kulemba ndinkadina kolamuyo n'kuibisa, zilembo za pamwamba n'kumadumpha kuchoka pa D kufika pa F. Ndinapulintitsapo fayiloyo kangapo pa kashopu kena ka ku Limbe, mapepala n'kutuluka oyera bwino opanda ndemanga. Ndinkagona tulo.

Mavuto anayamba ndi vidiyo ya chinkhoswe. Wojambula anati imukhalira malo, tibwere ndi potengera. Kafulashi kanga sikakanakwana. Tsiku lomwelo, ndikudutsa pakati pa mavenda ku Limbe, ndinaona mnyamata atayala machaja, mahedifoni ndi mafulashi onyezimira m'mapaketi mwake. Ina inalembedwa 64 GB. Mtengo wake unali wochepera wa 16 GB ya m'sitolo.

"Yabwino iyi?" ndinafunsa.

"Bwana wanga, orijino. Yangofika kumene. Ikavuta mundipeza pompano."

Ndinanenerera mpaka anatsitsanso, ndipo ndinachoka ndikumumvera chisoni kuti sadziwa mtengo wa katundu wake.

Kwa wojambula, kompyuta inaonetsadi kuti fulashi ili ndi malo pafupifupi 60 GB, koma vidiyo inakana kulowa, eti yakula kwambiri. Wojambulayo sanadabwe. Anati fulashiyo inafomatidwa mwa FAT32, ndipo FAT32 siilandira fayilo imodzi yopitirira 4 GB ngakhale malo atachuluka bwanji. Anaifomata mwa exFAT, imene Microsoft inatulutsa mu 2006 ndipo ilibe malire amenewo, vidiyo ya 5 GB n'kulowa bwinobwino. Tinaitsegula, tinaona akwati akuvundukulidwa m'zitenje, amayi akululutira. Ndinalemba mawu oti exFAT padzanja kuti ndikawonjezere pa nkhani zanga za pagulu.

Mawa lake ndinasamutsa ofesi. Ndinasomeka mafulashi onse awiri, n'kusankha zonse za m'kakale, mapulogalamu ndi mafayilo omwe. Apa panali njira ziwiri, kukopera kapena kudula n'kusamutsa. Ndinasankha kudula, chifukwa ndinkafuna kuona kakale kali mbee. Kenako, mtima wopatsa utandigwira, ndinakapereka kwa mwana wa achemwali anga amene ndi kondakitala wa minibasi, kuti aziikamo nyimbo. Kachingwe kabuluu ndinakamangirira ku yatsopano. Kwa milungu ingapo zonse zinkayenda, ndipo ndinkauza aliyense za mtengo umene ndinagulira.

Loweruka lina operekeza akwati anadandaula kuti akusowa nyimbo zoyeserera masitepe. Ndinati zimenezo n'zazing'ono. Ndinapita pa burning centre ina ya kwathu, kachipinda ka malata kokhala ndi kompyuta imodzi ndi sipika yaikulu pakhomo, kumene anthu amafola ndi mamemori khadi ndi mafulashi kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mnyamata wa pamenepo atasomeka yanga anaimba mluzu.

"Ankolo, malo onsewa angokhala? Ndikuthirireni ndi mafilimu omwe."

"Thira, mphwanga, malo alipo."

Anathira nyimbo zaukwati, zauzimu, mafilimu a ku Nigeria, a karate omasuliridwa m'Chichewa, mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza kompyuta inati fulashi ikugwirabe ntchito, isachotsedwe. Kunja kunkachita mdima wa mvula. Ndinangoisolola.

Lolemba pa nkhomaliro ndinasomeka kuntchito kuti ndilembe zopereka za Lamlungu. Mafoda onse analipo, kungoti iliyonse inali ndi kamuvi kakang'ono pakona. Ndinaganiza kuti ndi mmene mafulashi aakulu amaonetsera zinthu. Ndinadina foda ya mapulogalamu, kanthu kakuda kanaphethira pa sikirini, foda n'kutseguka. Koma LibreOffice inakana kuyamba. Ndinayesa Firefox, nayonso zii. Mlandu ndinaupereka kwa kompyuta yakusitolo, kuti ndi yokalamba. Ndinapita pa ya muakaunti, amene anali atapita kukadya. Chimodzimodzi. Ndinapita pa ya sekilitale, kenako pa ya oona za malonda, kulikonse ndikudina timivi tonse, kulikonse ndikupukusa mutu kuti kampani yathu imagula makompyuta achabechabe. Pomaliza, poti chitseko chinali chotsegula, ndinayesanso pa ya bwana.

Madzulo ndinapita kwa alamu anga, amene ali ndi laputopu yokhala ndi antivayirasi yolipira. Nditangosomeka, laputopu inalira, uthenga wofiira n'kutulukira pakona wonena kuti yapeza zoopsa ndipo yazichotsa. Ndinatsegula fulashi. Munalibe kanthu. Foda ngakhale imodzi. Pululu.

"Alamu, zili bwino?" anandifunsa ali kukhitchini.

"Zili bwino, alamu. Ikungochedwa kutseguka."

Ndinaizula, n'kuiuzira mpweya, n'kuipukuta pa malaya, n'kuisomekanso mbali ina. Pululu yemweyo. Ndinatsanzika nsima ili pamoto.

Kunyumba ndinakhala pampando osavula nsapato. Mayi akunyumba anandiyang'ana, n'kuyang'ana kachingwe, kamene tsiku limenelo kanali m'kati mwa malaya.

"Abambo, ukwati wa mng'ono wanga uli bwanji?"

"Uli bwino, amayi."

"Ndafunsa chifukwa nkhope yanu ikuoneka ngati ya munthu amene wataya ndalama za eni."

Ndalama sindinataye. Ndinataya chinthu chokhacho chimene chinkadziwa kuti ndalamazo anapereka ndani, zingati, ndipo watsala ndani. Msonkhano waukulu wotsiriza unali Lamlungu lomwelo.

Lachiwiri ndinapeza kuntchito kuli chipwirikiti. Fulashi ya muakaunti, mmene munali za malipiro a mwezi, inali itasanduka timivi tokhatokha. Ya sekilitale chimodzimodzi. Ya bwana, imene anakonzeka kupita nayo kumsonkhano ku Lilongwe, chimodzimodzi. Anali ataitanitsa kale mnyamata wokonza makompyuta, ndipo mlonda, amene sindinkadziwa kuti amaona zambiri choncho, anali atanena kale amene ankayendayenda m'maofesi dzulo masana.

"Kodi inu, fulashi yanuyo munailowetsa m'makompyuta angati?" anafunsa bwana.

"Angapo, bwana."

"Angapo kapena onse?"

"Kupatula ya pa risepishoni, bwana. Ija inafa kale."

Apa ndikanangopepesa. Koma mutu wanga, umene unazolowera kupulumukira ku mbiri, unandituma kunena kuti zoterezi zimagwera ngakhale akuluakulu. Ndinawakumbutsa kuti mu 2008 makompyuta a asilikali a America analowedwa ndi kachirombo kochokera pa fulashi imene munthu anasomeka pa laputopu ku Middle East, mpaka akuluakulu awo analetsa mafulashi. Ndinawonjezera kuti mu 2010 kunatulukira Stuxnet, imene inawononga makina oyengera uranium ku Natanz, m'dziko la Iran, malo amene makompyuta ake sanali pa intaneti n'komwe, ndipo akatswiri amati inalowa kudzera pa fulashi. Bwana anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye a ku Iran amenewo ndi amene amulipire mnyamatayu?"

Anamulipira kuchokera pa malipiro anga.

Poti ndalama inali yanga, ndinakhala pambali pake tsiku lonse kuti ndiphunzirepo kanthu. Anandifotokozera kuti kale tizirombo ta m'mafulashi tinkadalira kafayilo kotchedwa autorun.inf, kamene kankauza kompyuta kuti iyendetse yokha zimene zili m'fulashi ikangosomekedwa. Conficker ya mu 2008 inkafalanso mwa njira imeneyo. Microsoft itatseka khomo limenelo, mu Windows 7 komanso mu 2011 pa makompyuta akale, opanga tizirombo anayamba kudalira chala cha mwini fulashi. Kachirombo kanga kanali ka shortcut. Kamakhala phee m'kompyuta kudikira fulashi. Ikabwera, kamadzikoperamo, kamabisa mafoda enieni, n'kuika m'malo mwake timivi tokhala ndi mayina ndi nkhope za mafodawo. Ukadina kamuvi, kachirombo kamayamba kaye kulowa m'kompyuta imene ulipoyo, kenako n'kukutsegulira foda yako yeniyeni kuti usakayike kanthu. Antivayirasi ya alamu anga inachotsa timivi ndi kachirombo, koma mafoda anatsala obisika, n'chifukwa chake fulashi inaoneka yopanda kanthu.

"Nanga antivayirasi yanga ya m'fulashi inali kuti?" ndinafunsa.

"Madala, ija siilondera. Imafufuza pokhapokha mukaiuza, komanso imafuna kuipatsa zatsopano pa intaneti. Munaitsegula liti komaliza?"

Ndinayang'ana pawindo.

Atamaliza kuyeretsa makompyuta anatenga mafulashi imodziimodzi. Ankatsegula kawindo kakuda n'kulemba mzere umodzi, attrib -h -r -s /s /d, kutsatiza chilembo cha fulashiyo. Mzerewu umachotsa zizindikiro zimene zimabisa mafayilo. Za muakaunti zinabwerera. Za bwana zinabwerera. Itafika yanga, mafoda onse anatulukira balamanthu, opanda timivi, ya ukwati ili pamwamba penipeni. Ndinamugwira chanza ndi manja awiri. Ndinamuuza kuti adzabwere ku ukwati, adzakhala kutsogolo.

Kenako tinadina fayilo ya malonjezo. Inatseguka ndi zilembo zosawerengeka, timabokosi ndi tizizindikiro tachilendo. Bajeti inakana. Khadi linakana. Vidiyo ya chinkhoswe inayenda pang'ono, n'kuima, n'kuda bii. Mayina a mafayilo analipo onse, kukula kwake kolondola, masiku ake olondola, koma m'kati munali zinyalala. Mnyamatayo anaitembenuza fulashi ija m'manja.

"Madala, munagula kuti iyi?"

Anakopera pambali tochepa timene tinapulumuka, n'kutsegula pulogalamu yochokera ku Germany yotchedwa H2testw. Imeneyi imadzaza fulashi ndi zolemba zake, kenako imaziwerenganso kuti ione zimene zasungikadi. Inatenga nthawi yaitali, ndipo yankho lake linali lakuti malo enieni sankafika n'komwe 8 GB. M'fulashi iliyonse muli kachipangizo kamene kamauza kompyuta kukula kwake, ndipo akathyali amakasintha kuti kazinama. Kompyuta imakhulupirira zimene yauzidwa. Ukamaika zinthu zochepa, zonse zimayenda bwino, n'chifukwa chake ndinakhala milungu ingapo ndikudzitama. Malo enieni akatha, mafulashi ena achinyengo amangotaya zatsopanozo, ena amabwerera poyambira n'kumalemba pamwamba pa zakale. Yanga inali ya mtundu wachiwiriwu. Pamene panali malonjezo a ukwati wa alamu anga, tsopano panali zidutswa za filimu ya karate.

Ndinathamangira ku Limbe. Pamalo paja panali mayi wogulitsa tomato, amene anati sanaonepo munthu wa mafulashi chiyambire.

Chiyembekezo chinatsala pa kafulashi kakale. Wokonza makompyuta uja anati fayilo ikafufutidwa kapena kudulidwa m'fulashi siipita mu Recycle Bin, komabe siichokeratu nthawi yomweyo. Kompyuta imangofufuta dzina lake pamndandanda n'kunena kuti malowo ndi aulere. Ngati sipanalembedwe china, mapulogalamu monga Recuva ndi PhotoRec amatha kuibweza. Ndinasakasaka mwana wa achemwali anga m'madepoti mpaka ndinamupeza akuitanira anthu a ku Ndirande. Anandipatsa kafulashiko monyadira, nati anakadzaza mpaka kukana, dalaivala wake amakakonda kwambiri. Recuva inabweza nyimbo zimene iye anafufuta, ndi theka la chithunzi changa cha pachiphaso.

Wojambula vidiyo anali adakali nayo yake, koma anati kukoperanso n'kulipiranso. Ndinalipira. Mayi msungichuma nditawafunsa mozungulira ngati mwina ankalembako penapake, anandiyankha modekha kuti mlembi anawaletsa.

Loweruka usiku, ndili chigonere maso ali gwa, ndinakumbukira kashopu ka ku Limbe. Mtsikana wa pamenepo sapulinta kuchokera m'fulashi. Amayamba wakopera fayilo pa kompyuta yake, ndipo sindinamuonepo akufufuta. Ndinkamudzudzula pa khalidwe limeneli, kuti akusunga zinsinsi za makasitomala. M'mawa ndisanasambe n'komwe ndinamuimbira foni, n'kumufotokozera tsoka langa lonse, za kachirombo kobisa zinthu ndi zonse. Anafufuza, n'kuipeza. Inali ya milungu iwiri m'mbuyo, koma zotsalazo tikanatha kuzilondola pa mauthenga a Mpamba ndi Airtel Money a m'foni ya mayi msungichuma. Ndinamupempha kuti atsegule shopu ngakhale linali Lamlungu, apulinte mapepala okwanira komiti yonse ndi achibale, aike mu envulopu.

Ndinafika pashopu nthawi itatha kale, minibasi ikundidikira injini ikulira.

"Ankolo, ndakukonzeraninso," anatero akundipatsa envulopu. "Kachirombo kanu kaja kanabisa kolamu imodzi. Ndinaona zilembo zikudumpha, ndiye ndaibweza."

"Wachita bwino, mwanawe, Mulungu akudalitse," ndinayankha mwendo umodzi uli kale m'minibasi. Mawu akewo anafika m'makutu, koma mumutu anadzafika mochedwa.

Kwa apongozi ku Chilomoni ndinapeza pemphero latha. Anthu anali atadzaza pabwalo, abambo pamipando, amayi pamikeka, amalume pampando wandalema pakati. Wapampando anati alembi afika, tilandire lipoti. Ndinang'amba envulopu n'kupatsa ana awiri kuti agawe. Langa ndinatenga pomaliza. Ndinadabwa kuona kuti pepala lapulintidwa chopingasa, pamene kale linkakhala choimirira. Ndinawerenga mitu ya pamwamba: dzina, lonjezo, zoperekedwa, zotsala, ndemanga.

Pabwalo panali chete. Aliyense anali atapeza dzina lake, ndipo ambiri anali atapita kale pa mayina a anzawo. Kumbali ya achinyamata wina anatsokomola chitsokomolo chimene sichinali cha chifuwa. Bambo amene ndinati adzadya zoposa zimene apereke anabweza pang'onopang'ono m'mbale chigumu chimene anali atatenga. Mayi a ku banki m'khonde anamanganso chitenje. Mayi akunyumba sanandiyang'ane n'komwe, ankangopinda pepala lawo, kulipindanso, kulipindanso.

Amalume anali ataiwala magalasi. Anaitana kamdzukulu kawo ka Sitandade 5.

"Tandiwerengera pa dzina langapo, iwe."

Mwanayo anaima njo, manja awiri pa pepala, n'kuwerenga mokweza monga amachitira m'kalasi, akupuma pa mpumiro uliwonse. "Mbuzi imodzi. Zoperekedwa, palibe. Mbuzi yomweyi analonjezanso paukwati wanga. Ngati ikadali moyo, yakalamba."

Wina kumbuyo analephera kudzigwira, ndipo ataphulika iyeyo bwalo lonse linatsatira, kupatula amene anali asanaiwale mizere yawo. Amalume anadikira mpaka phokoso litatha.

"Akamwini."

"Wawa, amalume." Ndinali nditagwada kale, sindikudziwa kuti ndinatsika nthawi yanji pampando.

"Analemba zimenezi ndi kachirombo kaja tikumva kuti kanakuvutani?"

Khomo lothawira linali limenelo, ndipo analitsegula dala kuti aone ngati ndilowepo. Ndinayang'ana mayi akunyumba. Anapukusa mutu pang'ono.

"Ayi, amalume. Ndinalemba ndine."

Nkhani inapita kwa ankhoswe a banja langa, amene anagamula kuti ndipereke nkhuku kwa amalume, ndiyendere khomo ndi khomo onse a mu kolamu E kukapepesa, ndiponso nditule pansi ulembi. Mayi msungichuma anatulutsa kope lawo m'chikwama momwe linakhala nthawi yonseyo, n'kuyamba kukopera mayina ndi bolopeni. Akulemba choncho, osadzutsa mutu, anandifunsa ngati mapanga awiri aja akadavumbwitsabe. Ine anandipatsa udindo woona za nkhuni ndi madzi a ophika.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti mlungu wotsatirawo ndalama zinalowa kuposa milungu yonse ya m'mbuyo. Wa pakamwa pokha anabweretsa zonse n'kupempha lisiti. Wolonjeza atalawa anabwera m'mawa kwambiri, ali bwinobwino, kuti anthu aone. Mayi a ku banki m'khonde anapereka mowirikiza n'kunena kuti uthenga ukandifike. Wapampando anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundinong'oneza kuti mwana wawo wamkazi akwatiwa chaka chamawa, ngati ndingathe kudzalakwitsanso chimodzimodzi. Ndinakana.

Fulashi ndimayendabe nayo, ndi mapulogalamu ake omwe, chifukwa kompyuta sindinagulebe ndipo nzeru ya msuweni wanga ija inalibe vuto. Koma tsopano ndimagula m'sitolo yopereka lisiti, ndipo yatsopano imayamba yakumana ndi H2testw isanalandire fayilo yanga ngakhale imodzi. Ndimakopera, sindidula. Chilichonse chimene chingandigwaditse pabwalo chikatayika chimakhala pa fulashi, pa imelo ndi papepala. Foda ikakhala ndi kamuvi sindiidina. Ndimatseka mapulogalamu onse n'kudikira kompyuta indilole ndisanazule, ngakhale mvula ikubwera. Ya nyimbo ndi ina, ndipo siiyandikira kuntchito. Maganizo anga pa achibale ndimasunga mumutu, mmene mtsikana wa pashopu sangawabweze.

Ukwati unayenda bwino. Mbuzi ya amalume inafika Lachisanu, yonenepa, ndipo ndinaiphikira ndi nkhuni zanga. Pa perekaniperekani ndinali kuseri ndikukoleza moto, maso akulira ndi utsi, malaya onse mwaye.

Patapita mlungu, Lamlungu masana, tinamva kulira kwa mbuzi pakhomo pathu ku Bangwe. Nditatuluka ndinapeza amalume ataima ndi mnyamata wa kabaza. Pakaliyala panali tonde wamangidwa miyendo, ndevu zotuwa, nyanga imodzi yothyoka, mano atatsala owerengeka, fungo lake likufika mpaka kwa aneba.

"Akamwini, nayi mbuzi ya paukwati wanu. Munanena zoona, yakalamba. Mulembe mu kolamu C." Anatembenuka kuti azipita, kenako anaima. "Wa kabazayu sindinamulipire. Tachokera naye ku Chilomoni."